Kasipika ka mumtsuko wa apongozi

Abale, musandiseke kwambiri chifukwa mudzi wonse unandiseka kale, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pachitsime amayi ena amayamba kulira dala ndi kumatsinana. Ine cholinga changa chinali chabwino ndithu. Ndinkangofuna kusangalatsa apongozi anga basi.

Kuti mumvetse bwino, ine ndine mkamwini kuno kufupi ndi Chinakanaka, ndipo chaka chino ndakwanitsa zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pamudzi pano. Kwathu n'kutsidya kwa malire, ku Milanje, koma ndinakwatira kuno n'kumanga pamudzi pa mkazi monga achitira amuna a kuno. Nyumba yanga ili kuseri kwenikweni, pafupi ndi khola la mbuzi, malo amene amapatsa munthu yemwe sakumudziwa ngati akhalitsa. Tsono apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga make Chisomo, ali ndi kamalo kena m'mphepete mwa msewu pamene anthu ogwira ntchito ku tiyi amadikirira galimoto m'mawa. Kamalo kameneko ine ndinakalota zaka ndi zaka, ndinkafuna kumangapo tiyirumu. Vuto linali lakuti akamwini tilipo awiri. Winayo ndi a Yohane, mwamuna wa mng'ono wake wa mkazi wanga, munthu wosayankhulayankhula, amene amangopezeka ali ndi khasu m'manja nthawi iliyonse imene apongozi atuluka panja. Ndiye apongozi analengeza kuti Loweruka adzanena amene atenge kamaloko. Ine mumtima ndinati a Yohane ali ndi khasu, ine ndili ndi mutu.

Mutu wangawo unandiuza kuti apongozi amakonda nyimbo za kwaya, ndipo wailesi yawo inafa chaka chatha. Ndikawagulira sipika, n'kuwaikira nyimbo za kumpingo kwawo, Loweruka lidzafika mtima wawo uli wofewa kale.

Pa nkhani ya masipika ine ndinkadziyesa katswiri, ndipo apa m'pamene panagona tsoka langa. Ndinakula ndi wailesi ya bambo anga ya mabatire anayi, ija tinkayanika mabatire ake padzuwa kuti atifikitse pa nkhani za madzulo. Mawu ake ankamveka ngati munthu akuyankhula ali m'chitini kwinaku wina akukazinga mtedza pambali. Nditasinkhuka kunabwera gumbagumba wa pazikwati, sipika yake tinkaipachika mumtengo wa mango, ndipo ovina akaponda mwamphamvu singano inkalumpha, nyimbo n'kuyambiranso pakati. Nditayamba ntchito ku esiteti ndinagula wailesi ya kaseti, imene inkatafuna tepi sabata ndi sabata, ine n'kumakulunga ndi bolopeni. Besi inalibe olo pang'ono. Ndiye tinkazula sipika mu wailesi yakufa, n'kuiika pakamwa pa mtsuko, mawu n'kumatuluka gu gu gu, ife n'kumati tafika ku Joni. Koma zonsezi zinali ndi chinthu chimodzi chofanana. Ukamva, ngakhale uli patali bwanji, unkadziwa kuti iyi ndi wailesi. Kunkakhala kaphokoso ka tswee pansi pa mawu alionse. Khutu langa linakula likudziwa kuti munthu ndi munthu, wailesi ndi wailesi.

Lachinayi ndinakwera minibasi kupita ku Limbuli, kumene zinthu zamtunduwu zimabwera kuchokera kutsidya. Wogulitsa ananditulutsira kanthu kakuda, kakang'ono, kongokwana m'manja. Ine ndinaseka.

"Achimwene, ine ndikufuna sipika, osati sopo."

"Patarawu, bwana wanga, musakaone kuchepa," anatero mkulu uja. "Za masiku ano si zija munkazidziwa inu. Bweretsani foni yanu ndikulumikizireni bulutufu. Mukangokayatsa zizipezana zokha, chilichonse cha mufonimo chizitulukira umu."

Chilichonse cha mufonimo. Anandiuza momveka bwino, m'Chichewa, masana dzuwa likuswa mtengo. Koma katswiri amamvera za wogulitsa? Ine ndinkangogwedeza mutu uku ndikuganiza mtundu wa penti wopaka tiyirumu. Anakayesa pomwepo, koma ndi phokoso la mumsika, mahutala ndi masipika a anzake, sindinamve kanthu kodabwitsa. Ndinakaika m'thumba n'kubwerera.

Lachisanu m'mawa make Chisomo ananyamuka ndi amayi ake kupita kuchipatala ku boma. Apongozi anali atadandaula chizungulire masiku atatu, ndipo amadwala kuthamanga kwa magazi, choncho tonse tinali ndi kankhawa. Ine ndinapempha kiyi wa pabalaza, ndinati ndikufuna ndikonze mwendo wa tebulo. Atangopota pa msewu ndinalowa. Pakona panali mtsuko wakale umene anasiya kusungiramo madzi, ndipo nditauona mtima unati phaa, zaka zaunyamata zinabwerera. Ndinayatsa kasipika kaja, n'kukatsitsira mumtsukomo kuti besi imveke, pamwamba n'kuphimbapo kansalu kopyapyala. Maganizo anga anali akuti apongozi akafika n'kukhala pampando, ine ndili panja ndidina foni, kwaya iyambe kuimba m'nyumba mopanda wailesi. Ndinayesa nyimbo imodzi pansipansi kuopa kuti a Yohane angamve n'kundibera nzeru. Inamveka bwino, ndinaimitsa, ndinatseka chitseko, n'kupita kukhola kukapatsa mbuzi masamba. Kuzimitsa kasipikako sindinaganizeko. M'masiku athu nyimbo ikatha ndiye kuti zatha.

Kholalo lili kuseri kwa nyumba ya apongozi, mapazi ochepa chabe. Ndili pomwepo ndinaona kuti achemwali anga a ku Milanje anditumizira uthenga wa mawu pafoni, wautali ndithu. Achemwali angawa ali ndi vuto lakuti amadina foni osadziwa, ndiye imajambula yokha ili m'chikwama. Ndinadina kuti ndimve. Zii. Ndinakweza voliyumu. Zii. Ndinakweza mpaka kumapeto, ndinagwedeza foni, ndinaipemerera, palibe. Ndinati foni iyi yayamba misala, n'kuiponya m'thumba la malaya.

Nthawi yomweyo m'nyumba mwa apongozi munabuka mfuwu.

"Amayi ine! Amayi mwatisiya ndi yani ife! Mwapita bwanji osatsanzika!"

Masamba anagwa m'manja. Inu mukumva nkhaniyi mwadziwa kale chimene chinachitika, eti? Ine ayi. Achemwali anali pamaliro a mnansi wawo kutsidyako, foni n'kujambula ili m'chikwama, koma zimenezo ndinazidziwa mochedwa. Chimene ndinamva ine ndi amayi anayi kapena asanu akulira m'nyumba imene mwini wake wapita kuchipatala m'mawa womwewo. Ndipo sikunali kulira kwa m'chitini ayi. Ndinkamva munthu akukoka mpweya asanayambe mfuwu wina. Ndinamva wina akumina, wina akukoka mphasa, kamwana kakutsokomola. Kaphokoso ka tswee kaja kunalibe. Choipa kwambiri n'chakuti ndinazindikira mawu a mkazi wanga. Inde, ndinalumbira mumtima kuti wachiwiriyo ndi make Chisomo. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'banja, n'kusokoneza mkazi wanga ndi mayi wa ku Milanje amene sindinamuonepo chibadwire!

Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinasuzumire m'nyumbamo? Kodi munayamba mwaona mkamwini akulowa m'nyumba ya apongozi amayi akulira maliro? Ntchito ya mkamwini pamaliro ndi miyendo. Ndinangoti abwerera pa msewu ndi uthenga woipa, alowera khomo la kuseri, mtembo watsala kuchipatala. Zonse zinagwirizana bwinobwino m'mutu muja ndinkaudalira.

Ndinagwira mutu n'kuyamba kulira nanenso. Ndipo ndinalira zenizeni, chifukwa apongozi anga ndi ovuta koma ndi amene anandilandira ndili ndi malaya amodzi. Ndili chilili choncho, amake Esnati, oyandikana nafe, anatulukira pa mpanda wa nthochi khasu lili paphewa.

"Bambo a Chisomo, kwagwanji pano?"

"Amayi aja," ndinatero, "kuchipatala kuja sikunayende."

Anaponya khasu uko, manja kumutu, n'kutulutsa mfuwu umene unakafika kutsidya kwa mtsinje. Ine ndinatola chikwanje n'kuliyatsa liwiro kulowera ku msewu. Nditangotalikira, foni ndi kasipika zinatayana, kulira kwa mumtsuko kunatha. Koma ndani akanadziwa? Amake Esnati anali atayamba kale, anzawo akuthamanga kuchokera m'minda akulandizana. Analowa m'nyumba, anapeza mulibe munthu, anangoti eni ake atulukira kuseri, n'kukhala pansi kupitiriza ntchito.

Tsono apa ndiulule tchimo langa. Ndikudula masamba oika pa msewu kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta, misozi ili mbwee, kamutu kanga kaja kanayambanso kugwira ntchito. Kanati, amayi apita, ndiye kuti wonena za kamalo kaja ndi mwini mbumba, a Saizi, mlongo wawo wa apongozi. A Saizi akafika apeze zonse zili m'malo mwake, adziwe kuti pamudzi pano mkamwini weniweni ndi ndani. Ndikuchita manyazi ponena, koma ndi mmene zinalili. Diso limodzi linkalira apongozi, lina linkayang'ana kamalo.

Ndinayala masamba mbali zonse ziwiri za msewu. Ndinaimbira a Saizi, amene amakhala cha ku Limbuli komweko, ndipo foni inagwira bwinobwino.

"Malume, tataya. Amayi atisiya."

Anati, "Ndikubwera. Yambani zimene mungathe."

Mawu amenewo, abale, anali ngati andipatsa unyakwawa. Ndinathamangira kwa mkulu wa amayi a kumpingo. Ndinathamangira kwa amfumu, ndinapeza apita kumsonkhano, nduna yawo n'kuvomera kuti tiyambe. Ndinapita kwa mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda. Iye anati mwambo wake n'kukumba mawa m'mawa, koma ine ndinamuonetsa mitambo imene inkasonkhana paphiri, ndinamukumbutsa kuti dothi la kumanda kwathu ndi miyala yokhayokha. Ndinamunyengerera mpaka anavomera kuti ayambe tsiku lomwelo. Onani khama!

Pobwerera ndinakumana ndi a Yohane ataima pa mphambano, khasu lija lili m'manja monga mwa masiku onse.

"Achimwene," anatero motsitsa, "uthengawu wabwera ndi ndani?"

"Simukumva kulirako inu?"

"Ndikumva. Koma make Chisomo mwaonana naye?"

Ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinawauza kuti ino si nthawi ya mafunso, anthu ena tikugwira ntchito, ngati alibe chochita akatole nkhuni. Anapita kukatola nkhuni.

Adzukulu sakumba ndi njala, aliyense akudziwa. Nkhuku zinalipo, koma ine ndinati nkhuku n'zochititsa manyazi pamaliro a mayi wamkulu ngati ameneyu. Ndinalowa m'khola n'kuloza mbuzi yonenepa kuposa zonse, yofiira, imene apongozi ankaidyetsa madeya ndi manja awo. A Yohane anabweranso ndi mtolo wa nkhuni n'kunena kuti mwina tidikire a Saizi. Ndinati udindo wonse ndausenza ine. Mbuzi inagwa.

Pofika cha m'ma leveni pamudzi panali podzaza. Mipando ndi tebulo zinali zitatulutsidwa panja, amuna atakhala pansi pa mtengo wa mango, amayi a kumpingo atavala zoyera akuimba m'nyumba, ena akulira pakhonde. Ine ndinkayendayenda pakati pawo, malaya atanyowa ndi thukuta, aliyense akundigwira dzanja kuti pepani. Mkulu wina anandinong'oneza kuti akamwini ngati ine akusowa masiku ano. Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, koma mumtima ndinali nditakhoma kale mashelefu a tiyirumu.

A Saizi anafika pa njinga yamoto, maso ali psuu. Atapuma pang'ono anandiitanira pakhonde, pafupi ndi zenera la pabalaza.

"Mwagwira ntchito, akamwini. Tsono mtembo tikautenga nthawi yanji? Make Chisomo ali kuti?"

"Ali m'nyumbamo, malume."

Anatuma mayi wina kukamuitana. Mayiyo anabwerako n'kunena kuti mulibe, ndipo chifikireni palibe amene wamuona. Amake Esnati anatuluka n'kuikira umboni kuti iwonso anamumva akulira m'mawa ndi makutu awo. Tinagwirizana kuti mwina wabwerera kuchipatala kukasambitsa mtembo. A Saizi anati ndimuimbire.

Ndinatulutsa foni, ndinaimba, ndinaika kukhutu. Zii. Foni ija yayambanso misala yake. Koma m'nyumba munayamba kumveka kulira kwa foni, tuu, tuu, mokweza, ndipo amayi oimba aja anasiya nyimbo pakati n'kumayang'anana. Kuchipatalako make Chisomo anali pamzere wolandira mankhwala, foni atawasiyira amayi ake pabenchi. Ndiye amene anayankha ndi apongozi.

"Halo? Ndani? Bambo a Chisomo?"

Mawu amenewo anatuluka pakona ya balaza, pamene panalibe munthu. Anali mawu a apongozi enieni, ndi kakusasa kawo kaja, ndi kupuma kwawo komwe, besi ya mtsuko itawawonjezera ulemerero. M'nyumba monse munangoti zii. Ndinamva supuni ikugwa kukhitchini.

"Mbuzi zanga mwazipatsa madzi? Yofiira ija muziisamala, ili ndi bere."

Kenako mayi wina anati "Yesu!" motsitsa, ndipo kasipikako, poti kali ndi potolera mawu, kanawatumiza kuchipatala.

"Kodi m'nyumba mwanga muli anthu? Mukutani mmenemo? Musachoke, ndikubwera pompano!"

Abale inu! Chitseko cha nyumba ya apongozi n'chopapatiza, koma tsiku limenelo chinatulutsa amayi atatu nthawi imodzi. Amake Esnati, munthu wathupi lake, anatulukira pazenera limene ngakhale mphaka amaliganizira kaye. Mabuku a nyimbo, masilipasi, mipango, zonse zinali mbwee pabwalo. Amuna a pansi pa mango sanafunse n'komwe, ataona akazi akuthawa nawo anadzuka. A Saizi, mwini mbumba, munthu wa ulemu wake, ndinawaona akudumpha mzere wa chinangwa chipewa chili m'manja. Ine? Ine ndinali patsogolo pa onse. Mbuzi yofiira ndinali nditaipha ndine, ndiye ndinadziwa kuti mzimuwo ukubwerera ine.

Ndinathamanga mpaka m'munda wa nandolo, foni ili m'manja. Nditatalikira ndithu, foniyo inayamba kuyankhula yokha. Ndinatsala pang'ono kuitaya. Anali make Chisomo.

"Bambo a Chisomo, mukundimva? Tamaliza, amayi ali bwino, angowasinthira mankhwala. Koma kumeneko kukuchitika chani? Amayi akuti amva anthu akukuwa m'nyumba."

Ndinakhala pansi m'nandolomo. Mawu a wogulitsa wa ku Limbuli anandibwerera onse bwinobwino, chilichonse cha mufonimo chizitulukira umu. Ndinatsegula uthenga wa achemwali uja, ndinadina, ndipo kulira konse kuja kunatuluka m'kafoni kanga, kochepa, kopyapyala, kodziwikiratu kuti n'kojambula. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinaganizako zongolunjika ku Milanje wapansi osatsanzika.

Munthu mmodzi yekha amene sanathawe anali a Yohane. Pamene ndinkabwerera mwakachetechete, anthu akusuzumira m'nthochi, ndinawaona akulowa m'nyumba muja khasu lili m'manja. Anatuluka atanyamula kasipika kaja, kagetsi kake ka buluu kakuphethira. Anadutsa anthu onse, anafika pamene ndinaima, n'kutambasula dzanja.

"Achimwene, n'kanu aka?"

Ndikanakonda akanandimenya ndi khasu lija.

Ndinafotokoza zonse pamaso pa khamu lonse. Ena anaseka mpaka kugwa pansi, ena anatukwana, amake Esnati anandionetsa chigongono chosupuka n'kunena kuti tikumana. Tisanachotse n'komwe masamba pa msewu, minibasi inaima. Ndinamva pambuyo pake kuti apongozi ataona masambawo anafunsa kondakitala kuti wamwalira ndani m'mudzi mwawo, ndipo kondakitalayo anatchula dzina lawo lomwe.

Anayenda pang'onopang'ono kuchokera pa msewu, kapepala ka mankhwala kali m'manja, make Chisomo ali pambuyo akundiyang'ana ndi diso limene ndinalidziwa tanthauzo lake. Anaona mipando yawo panja. Anaona miphika pamoto. Anaima nthawi yaitali pa chikopa chofiira chimene chinali chitayanikidwa pa mpanda. Kenako anakhala pampando wawo pansi pa mango, n'kuyang'ana anthu mmodzimmodzi ngati akuwerenga amene abwera ndi amene sanabwere.

"Ndamva kuti ndafa," anatero. "Tandiyatsireni chimene chandiphacho ndichimve."

Ndinagwada patali monga achitira mkamwini, n'kuyatsa. Kulira kwa ku Milanje kunadzaza bwalo lonse, ndipo ngakhale aliyense ankakaona kasipikako pa mphasa, amayi awiri anayambanso kupukuta maso. Apongozi anamvetsera mpaka pakati, mutu uli pambali.

"Kamatulutsa mawu bwino," anatero. "Ndipo awa akulira bwino kuposa a pano. Amake Esnati, ndamva kuti munathawira pazenera. Ndikadzafa zenizeni mudzathawanso?"

Anthu anaseka, ine ndinayamba kuona ngati mwina ndipulumuka. Koma mkulu wa adzukulu anafika, dothi lili m'miyendo, n'kunena kuti dzenje lafika m'chiuno. Kuno dzenje la manda silikwiriridwa lopanda kanthu, amati likhoza kuitana munthu. Amaikamo thunthu la nthochi m'malo mwa mtembo. A Saizi, amene anali atapeza chipewa chawo ndi ulemu wawo, anagamula kuti wodula ndi kusenza thunthulo akhale amene anakumbitsa.

Thunthu la nthochi limalemera, abale, ndipo limatuluka madzi. Ndinalisenza paphewa masana onse akuona, kudutsa pa msewu, kudutsa pa kamalo kanga ka tiyirumu, anthu ali m'mbuyo mwanga pamzere, achinyamata ena akuimba nyimbo ya maliro monyodola. Apongozi anakana kutsala. Anati akufuna akaone pamene ndinawakonzera.

Atafika anazungulira dzenjelo kawiri. Anasuzumiramo. Anayang'ana manda oyandikana nawo.

"Pafupi ndi alamu anga amene sitinayankhulane zaka khumi? Mwasankha ndinu, bambo a Chisomo?"

"Pepani amayi, kunali kufulumira."

"Ee, kufulumira ndakuona. Munthu kungopita kukayezetsa magazi, pobwera apeza mbuzi yadyedwa, manda akumbidwa. Mukanakhala wofulumira chonchi pa ulimi bwenzi tili ndi nkhokwe zitatu."

Ndinatsitsira thunthu lija m'dzenje, ndinayamba kukwirira ndekha, adzukulu atakhala pamthunzi akutokosa m'mano atadya nyama ya mbuzi yofiira. Nditamaliza apongozi anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Za Loweruka zija tisadikire, poti abale onse mwawaitana kale. A Yohane, kamalo ka kumsewu n'kanu." A Yohane anangowomba m'manja kawiri mwaulemu. Kenako apongozi anatembenukira kwa ine. "Inunso bambo a Chisomo musadandaule, sindingakusiyeni opanda kanthu. Zaka zonsezi mwakhala mukufuna malo pamudzi pano. Awa mwasankha nokha, mwakumbitsa nokha, mwalipira ndi mbuzi. Kwanu ku Milanje n'kutali. Ndakupatsani, ndi anu."

Kumanda saseka, koma tsiku limenelo anthu anachita kugwirana kuti asagwe. Ngakhale make Chisomo, amene sanandiyankhule masiku anayi otsatira, ndinamuona akubisa nkhope mu chitenje mapewa akugwedezeka. Ine ndinaima pamenepo fosholo ili m'manja, utomoni wa nthochi uli m'khosi, ndipo poti mkamwini akapatsidwa kanthu amathokoza, ndinawomba m'manja n'kunena kuti zikomo amayi.

Kasipikako apongozi anakatenga, ndipo a Yohane ndi amene anawalumikizira ku foni ya make Chisomo. Amamvera kwaya yawo masana alionse, ndipo ndikamadutsa ndimavomereza ndithu kuti zinthu zinasintha, oimbawo amakhala ngati ali pabalaza pomwepo. Ine ukatswiri wa masipika ndinautula pansi. Ndinalumbira kuti sindidzagulanso chinthu chimene chimayankhula popanda waya, ndipo ndikadzamvanso kulira, kaya m'nyumba ya apongozi kaya m'nyumba mwanga momwe, ndidzayamba ndasuzumira pakhomo, mwambo undikhululukire. Pa kamalo ka kumsewu a Yohane anamangapo tiyirumu, ndimakamwa tiyi pomwepo. Malo anga aja ndimapita kukalambula mvula ikatha, poti pamudzi pano ndi okhawo amene ali m'dzina langa.